Nkhuni Zothyola Njovu

"Njovu! Ana inu, taonani njovu!" adakuwa Fanuel, uku akutulutsa mkono pawindo la pikapu n'kumenya denga kuti ana ake awiri amene adali kumbuyo amve.

Mwayi ndi mlongo wake wamng'ono, Mphatso, adadzuka pamatiresi n'kugwira zitsulo. Njovu zinayi zidali chiimire pamthunzi, makutu akukupiza. Imodzi idakoleka chitamba panthambi ya mtondo, idakoka, nthambiyo n'kuti phwa! Idangodya masamba angapo, n'kuisiya pomwepo.

Rhoda, mkazi wa Fanuel, njovuzo adaziona ndithu, koma maso ake sadakhalitsepo. Adatsika nayo nthambi ija mpaka pansi, ndipo pansipo adaona zinzake zambirimbiri zili mbwee, zouma gwa, zina zitagona pomwepo kuyambira chaka chatha.

"Kodi nkhuni zonsezi mwini wake ndani?" adafunsa.

"Mayi a Mwayi, ndakutengani mtunda wonsewu kuchokera ku Mkanda kuti mudzaone nkhuni?"

"Ndangofunsa."

"Ndi za boma. Muno ngakhale kamtengo kotokosera m'mano sikatuluka."

"Nanga bomalo limaphika liti?"

Fanuel adaseka mpaka kutsokomola, nayendetsa galimoto.

Ulendowu udali mphatso. Lolemba lake lidali Tsiku la Anakubala, chaka cha 1999, ndipo Fanuel, dalaivala wa pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, adaganiza zomulemekeza mkazi wake mwachizungu. Iye adali atabwerako kawiri kupaki ya Kasungu kudzatula alendo a bwana wake, ndipo chichokereni kumeneko nkhani yake idali yomweyo: kugona m'tenti, kudzutsidwa ndi mvuu. Bwana Greyson, manijala wa esitetiyo, adamubwereka pikapu ndi mawu amodzi okha. Lachiwiri sikisi koloko m'mawa galimoto ikhale ili pa ofesi, yotsukatsuka, yokonzeka kukatenga feteleza kuboma.

Tenti yeniyeni adalibe. Atafika pamalo ogonera alendo, m'mbali mwa damu, Fanuel adamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri n'kuyanikapo lona yofunditsira mabelo a fodya. Lonayo inkanunkha fodya kotero kuti udzudzu sudayerekeze n'komwe kulowamo. Azungu awiri amene adali ndi tenti yobiriwira chapatali adabwera kudzaijambula.

"Ndiye mwati anthu amasiya nyumba zamalata kudzagona pansi?" adatero Rhoda akuyala mphasa. "Kutunga madzi, kuphika pamafuwa, kugona pansi. Zimenezi kwathu ku Mlonyeni timazitcha umphawi."

"Kuno amazitcha holide," adayankha Fanuel.

Madzulo, wosamalira pamalopo adawabweretsera zikuni zisanu zophikira, monga ankachitira ndi mlendo aliyense. Rhoda adasonkha moto. Zidali za muwanga. Zidayaka mwaulemu, popanda utsi, popanda kuuzira, ndipo mpunga utapsa makala adatsala ofiira psuu ngati sadagwire ntchito. Rhoda adawayang'anitsitsa, ndipo adamva nsanje yeniyeni, yofanana ndi imene munthu amamva akaona mnzake atavala chitenje chimene iye wakhala akuchisirira.

Kwawo kuesiteti nkhuni idali nkhani ina. Mitengo idapita kalekale m'mabani ootchera fodya, ndipo yotsalayo idali ndi alonda. Akazi ankaphikira mapesi ndi ziputu za fodya, zimene utsi wake umaliza munthu ngati wafedwa. Wofuna nkhuni zenizeni ankalawirira kumapiri a kumalire ndi Zambia, kubwerako dzuwa litapendeka. Rhoda ankapitako Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo masiku amenewo Mwayi, mwana wa sitandade seveni, sankapita kusukulu, ankatsagana ndi mayi ake. Mutu umodzi sukadatha kudyetsa moto wa sabata yonse.

Lamulungu m'mawa Fanuel adatenga Mphatso kukaona mvuu, motsogozedwa ndi msilikali wa gemu, mlonda wa nyama za m'pakimo. Mwayi adafuna kupita nawo, koma mayi ake adamutsina.

"Iwe utsale, undithandize mbale."

Mbale zake zidali zinayi. Atatsuka, awiriwo adazungulira kuseri kwa bafa la alendo, n'kulowa m'thengo mtunda wongoponya mwala. Sipadafunike nkhwangwa. Njovu zidali zitagwira kale ntchito yonse, mpaka kusenda makungwa a mombo n'kusiya luzi lili lendelende, longodikira womanga.

"Amayi, abambo anati n'zoletsedwa," adatero Mwayi monong'ona.

"Tadula mtengo ife?"

"Ayi."

"Tapha nyama?"

"Ayi."

"Tikungosesa pamene njovu zadyera. Tola."

Rhoda ankadziwa kuti akunama, koma manja ake sadafune kumva. Ankasankha ngati ali pamsika: ichi chafumbwa, ichi chili ndi chiswe, ichi ndiye. Podzafika masana adali ndi mitolo isanu ndi umodzi, inayi yaikulu yomanga iye, iwiri yaing'ono yomanga Mwayi. Adawerengera mumtima kuti ndi masabata atatu amenewo, mwina anayi akamasinira, ndipo mwanayo akalemba mayeso a kumapeto kwa chaka osajombako. Adaibisa m'chiyangoyango n'kubwerera kukaphika tiyi.

Lolemba m'mawa, Fanuel atapita ndi Mphatso kukatsanzika mvuu zake, mayi ndi mwana adaika mitoloyo pansi m'pikapu. Pamwamba adayala lona, kenaka mphasa, kenaka matiresi, m'mbali n'kutsekamo ndowa ndi mapoto. Fanuel pobwera adapeza zonse zitalongedzwa, ndipo adayamikira kuti adakwatira mkazi wachangu.

Adayenda bwinobwino pafupifupi ola lathunthu. Adaona njiri zikuthawa michira ili m'mwamba, adaona mphalapala ziwiri, ndipo Mphatso adalira atalumidwa ndi kashembe pakhosi. Koma Rhoda adaona kuti mwamuna wake wasiya kulozera nyama. Pachitunda china adasintha giya n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera. Pabampu ina adayang'ana pagalasi, n'kuyang'ananso. Atatsikira m'dambo lina lalikulu, chipata chotulukira chitatsala pang'ono, adaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini.

"Mayi a Mwayi."

"Wawa."

"Pobwera paja, ndikayang'ana pagalasipa ndimaona nkhope za ana anga. Lero ndikuona mawondo. Anawa akula masiku awiri okha?"

"Mpweya wa kuno ndi wabwino."

Fanuel adatsika. Adawatsitsa anawo, adakankha matiresi, adavundukula lona. Adaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Pobwera pawindo, mawu ake adali otsika, ndipo Rhoda ankadziwa kuti akatsika choncho ndiye kuti zinthu zavuta.

"Mukudziwa chimene amachita akapeza nkhuni m'galimoto pachipata paja? Salanda nkhuni zokha. Amagwira galimoto. Galimoto ya bwana Greyson, imene ikufunika mawa sikisi koloko. Ikagona kuno, ntchito yatha. Ntchito ikatha, nyumba ija tituluka sabata yomwe ino. Tikalowera kuti ndi anawa? Ku Mlonyeni munda adagawana kale abale anu."

"Pobwera sanasechetu."

"Amasecha potuluka! Ndani angabe nkhuni kulowa nazo m'nkhalango?"

Apo Rhoda adatembenuza nkhani.

"Inu sabata iliyonse mumadutsa pakhomo panga ndi lole yodzaza nkhuni. Mumaimba hutala, ana n'kumakubayibitsani. Zaka zisanu ndi zitatu, chikuni chimodzi chokha simunachigwetsepo, ngakhale mwangozi."

"Zimene zija ndi za fodya."

"Eya. Fodya ndiye ali ndi mwamuna."

Fanuel adachoka pawindopo. Adapita kumbuyo n'kuyamba kutsitsa mitolo ija yekha. Rhoda adakhala m'galimoto manja atapinda, akumva mtolo uliwonse ukuti khu! pansi. Adali wokwiya, komanso ankadziwa kuti mwamunayo akulondola, ndipo zimenezo ndizo zinkamupsetsa mtima kwambiri.

Mitolo inayi idali pansi, wachisanu Fanuel ataukumbatira pachifuwa ngati wanyamula mbuzi, pamene udzu wa m'mbali mwa msewu udagawikana. Mudatuluka asilikali awiri a gemu, mfuti zili paphewa. Wamkulu wake adali bambo wamfupi wa imvi, mfuti yake yotsala pang'ono kukhudza pansi. Mnzakeyo, wamtali ndi wosalankhulalankhula, ankamutchula kuti a Goliati.

"Pepani bambo, tisakusokonezeni," adatero Goliati mwaulemu. "Pitirizani. Mwatsala ndi mitolo ingati kuti mudzaze?"

"Ndikutsitsa, bwana. Sindikukweza ayi, ndikutsitsa."

"Aa, n'zoona. Ine ndagwira ntchito muno zaka makumi awiri, ndipo aliyense amene ndamupeza ndi nkhuni amakhala akutsitsa. Anthu ndi achifundo, amatibweretsera. Timoteyo, tatenga makiyi."

Wamtali uja adapisa mkono pawindo, adapepesa kwa Rhoda, n'kuzula makiyi. Rhoda adawaona akulowa m'thumba la yunifolomu. M'thumba limenelo mudalowa nyumba yake ya zipinda ziwiri, mpopi wa pamzere wa nyumba za antchito, ndi sukulu ya Mwayi.

Fanuel adayamba kufotokoza, koma ankafotokoza mozungulira. Adatchula za bwana Greyson, za feteleza, za Tsiku la Anakubala, za ulemu umene iye ali nawo pa nyama zakuthengo. Dzina la mkazi wake sadalitchule. Rhoda adadikira kuti mwina alitchula. Ataona kuti bamboyo ali wokonzeka kumira yekha ndi mtolo uli pachifuwa, adatsegula chitseko, adakonza chitenje, n'kukanjuta patsogolo pa Goliati.

"Bambo, awa asakutayitseni nthawi. Nkhunizi ndatola ndine, dzulo, kuseri kwa malo ogona alendo. Iwo azidziwira pompano."

"Mayi, akazi onse amatero pofuna kupulumutsa amuna awo."

"Apatseni luzi amange mtolo muone."

Goliati adamuyang'ana mayiyo, kenaka adayang'ana Fanuel. Nkhaniyo idaoneka kuti yamukomera. Adasolola mpeni, adamasula mtolo umodzi waukulu, nkhuni n'kumwazika.

"Mangani, bambo."

Fanuel adagwada. Adasonkhanitsa nkhunizo mitu kosiyanasiyana, adazunguliza luzi pakati penipeni kamodzi, n'kumanga mfundo ya zingwe za nsapato. Atati anyamule, nkhuni zidapulumukira kutsogolo ndi kumbuyo, iye n'kutsala ndi luzi lokha m'manja. Mphatso adaseka mpaka kukhala pansi. Ngakhale Timoteyo adayang'ana kumbali.

"Chabwino, womanga si awa," adatero Goliati. "Koma wokweza?"

"Tayang'anani pamene taima, bambo," adatero Rhoda. "Lino ndi dambo. Muwanga umera m'dambo? Mtengo wa nkhuni izi uli kuti pano? Munthu angakweze pano chimene sichipezeka pano?"

Goliati adazunguliza maso. Kudali udzu wokhawokha, wopserera ndi dzuwa la Okutobala, mitengo ili kutali. Adasuzumira m'pikapu, adatola makungwa amene adagwera pansi pa lona, n'kuwafikisa m'manja.

"Ankatsitsadi," adatero. "Woyamba m'zaka makumi awiri. Koma mayi, mukuona chimene mwachita? Mwawatsuka amuna anu ndi madzi amene mwasambamo nokha. Mwavomera kuti mwatola, mwavomera kuti mwabisa."

"Ndikudziwa."

Goliati adakankha ndi nsapato umodzi wa mitolo yaing'ono ija, n'kuwerama.

"Nanga iwiri iyi? Mfundo yake ndi ina. Dzanja lake ndi laling'ono."

Mwayi, amene nthawi yonseyi adali ataima kuseri kwa galimoto, adasuntha phazi. Rhoda sadatembenuke, adangokweza mawu.

"Ndamanga ndine. Ndinali nditatopa."

"Mfundo ya munthu wotopa," adatero Goliati pang'onopang'ono. Adamuyang'ana mtsikanayo, zikande za minga zili m'mikono, kenaka adayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. "Timoteyo, mitolo iwiri iyi yamangidwa ndi munthu wotopa. Wamva?"

"Ndamva."

Fanuel adayesa kupempha kuti nkhaniyo ithere pomwepo, popeza nkhuni zabwerera kwa eni ake. Goliati adapukusa mutu. Adati iyenso ali ndi ana, ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Azungu aja adali m'mbuyo momwemo, akadatha kutulukira nthawi iliyonse n'kuona nkhuni zili mbwee pamsewu, a gemu ataimirira pomwepo. Lipoti lidayenera kupita, ndi umboni wake, ndi mwini wake. Koma akuluakulu a ku ofesi kudalibe tsikulo.

"Lero ndi tchuthi, mayi. Tsiku lanu lomwe lino," adatero. "Nkhani yanu aimva mawa. Mwina akakudzudzulani n'kukumasulani, mwina akakutumizani kukhoti kuboma. Zimenezo sindingalonjeze, mutu wa bwana sindigonamo."

"Nanga galimoto?" adafunsa Rhoda.

Goliati adakanda imvi zake.

"Ine ndimalemba chimene chafika pa ofesi. Mtolo ukafika uli m'galimoto, ndilemba nambala ya galimoto, ndipo igona konkuno mpaka mlandu utatha. Ukafika uli pamutu, ndilemba dzina la mwini mutu."

Kutali kudamveka nyani akukuwa.

"Ndisenza ndine," adatero Fanuel.

"Mukasenza inu, galimoto ayendetsa ndani? Mphatso?"

"Sindingakusiyeni m'thengo, mayi a Mwayi. Anthu akandiona ndikufika ndekha adzati chiyani? Ndinakutengani kuti mudzasangalale."

"Ndasangalala. Njovu ndaziona." Rhoda adaimirira n'kusansa fumbi m'mawondo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo a Mwayi. Ndinatola ndine. Inu kafikitseni galimoto ya eni ake, muitsuke, sikisi koloko ikakhale pa ofesi. Mukaweruka mudzandifunse kuno."

"Akagona kwathu, ndi akazi anga a Tereza," adatero Goliati. "Sitidya anthu."

Timoteyo adatulutsa makiyi n'kuwapereka. Fanuel adawalandira ndi manja awiri, ndipo sadathe kuyang'ana munthu aliyense kumaso. Adakwera m'pikapu n'kutsitsa yekha mtolo wotsala uja, adasesa makungwa onse ndi chikhatho, mpaka pansi padayera.

Mwayi adabwera kudzagwira chitenje cha mayi ake.

"Amayi, ndiwauze kuti inenso..."

"Uwauze chiyani? Pukuta kumaso. Mphatso asagone osasamba. Ufa uli m'ndowa yobiriwira. Mawa upite kusukulu."

"Mawa ndi Lachiwiri."

"Ndati upite kusukulu."

"Nanga moto?"

"Abambo ako aona chochita. Akulu aja."

Adamukankhira kugalimoto. Kenaka adavula mpango kumutu, adaupota n'kupanga nkhata. Pa mitolo yonse adasankha waukulu kwambiri, wa muwanga wokhawokha, umene dzulo lake adaumanga mosamala kuposa ina yonse. Timoteyo adamutwika. Yotsalayo asilikaliwo adaidula luzi n'kuimwaza m'udzu, ndipo iwiri yaing'ono ija ndiyo adayambira.

Njira yachidule yopita ku maofesi inkapatuka pamsewu n'kudutsa pakati pa dambo. Goliati adatsogola, Rhoda pakati, Timoteyo pambuyo. Atayenda mapazi owerengeka, injini idalira kumbuyo kwake. Rhoda adaimva ikuyenda pang'onopang'ono, ngati woyendetsayo akuyembekeza kuti wina amuitana.

"Amayi!" adakuwa Mphatso. "Amayi, tayang'anani kuno! Amayi!"

Mtolowo udali wautali ndi wolemera, ndipo munthu wosenza chotere satembenuza khosi. Rhoda adafunitsitsa kucheuka, koma adangoyang'ana nsapato za Goliati n'kumaponda pamene zaponda. Adamva galimoto ikusintha giya, ikukwera chitunda mopepuka, mawu a mwana uja akucheperachepera. Ataleka kuimva, mtima wake udakhala pansi, ndipo misozi idatsika yokha popanda dzanja loipukuta.

"Mwatopa, mayi? Tipumule?" adafunsa Goliati osacheuka.

"Tiyeni," adatero Rhoda. "Pafupi pompa."